KUCHOKA PA WAYA KUPITA PA NSANJA: LAMYA NDI INTANETI M'MIDZI YA KU CHILEKA NDI LIRANGWE

MAWU OYAMBA

Amene mwakhala zaka zambiri ku Chileka kapena ku Lirangwe mukudziwa kuti zinthu zambiri zachitukuko zimadutsa m'dera lathu popita kutauni. Mapaipi a madzi ochokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire amadzera ku Chileka popita mu mzinda wa Blantyre. Mawaya a magetsi ochokera ku Nkula ndi ku Tedzani amadutsa pamwamba pa minda yathu. Ndege zimatera pabwalo la Chileka, ndipo msewu wa M1 umadutsa pa Lunzu, pa Lirangwe ndi pa Mdeka. Koma midzi yambiri imangoziona zinthuzi ndi maso.

Waya wa lamya unalinso chimodzimodzi. Unafika ku positi ofesi, kupolisi, kubwalo la ndege ndi kumishoni zina, koma m'nyumba ya mlimi sunalowe. Lero zinthu zasintha. Foni ya m'manja yalowa m'midzi popanda waya, ndipo ngakhale maofesi amene anali ndi lamya yapansi ambiri anaisiya.

Cholinga cha phunziro ili ndi kutithandiza kumvetsa zinthu zitatu: mmene kusinthaku kunachitikira, mmene foni yopanda waya imagwirira ntchito, ndiponso udindo wathu ngati Akhristu ndi nzika poonetsetsa kuti chitukuko chimenechi chisadutsenso pamwamba pa anthu osauka. Nsanja ikaimikidwa pafupi ndi mudzi sindiye kuti aliyense wa m'mudzimo wathandizika.

1. KUMENE TACHOKERA

Akuluakulu akukumbukira mmene uthenga unkayendera kale. Munthu akamwalira, mnyamata ankatumidwa pa njinga kapena wapansi kukauza abale. Ngati abalewo anali kutali, uthenga wa maliro unkaperekedwa ku wailesi ya MBC kapena kutumizidwa pa telegalamu. Amayi amene amuna awo anali ku migodi ku Joni kapena ku Halale ankadikira kalata kwa milungu ingapo, ndipo kalatayo ikafika ankafuna mwana wasukulu woti awawerengere.

M'zaka za m'ma 1990 lamya zapansi m'Malawi muno sizinkakwana ngakhale imodzi pa anthu 200, ndipo zambiri zinali m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe. Wofuna lamya ankalembetsa n'kudikira nthawi yaitali. Ntchito ya makalata ndi ya lamya inali m'manja mwa boma, pansi pa bungwe limodzi.

Zaka zofunika kuzikumbukira ndi izi:

(a) M'chaka cha 1995 kampani ya Telekom Networks Malawi, imene timaitchula kuti TNM, inakhazikitsidwa. Iyi ndiyo inabweretsa foni za m'manja zoyamba. Zinali zodula ndipo zinkagwira m'tauni mokha.

(b) M'chaka cha 1998 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la zamtokoma, limene linabala bungwe la MACRA loyang'anira makampani a lamya, mawailesi ndi makalata.

(c) M'chaka cha 1999 kampani ya Celtel inayamba ntchito. Inasintha dzina kukhala Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010.

(d) M'chaka cha 2000 bungwe la boma lija linagawidwa pawiri: mbali ya makalata payokha, mbali ya lamya n'kukhala kampani ya MTL. Patapita zaka zochepa gawo lalikulu la MTL linagulitsidwa kwa anthu a bizinesi.

(e) Kutumiza ndalama pa foni kunayamba ndi Airtel Money mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013.

(f) Intaneti yothamanga ya 4G inayamba ndi TNM mu 2016, Airtel n'kutsatira mu 2018.

Lero masimukhadi amene akugwira ntchito m'dziko muno ndi oposa 10 miliyoni, pamene lamya zapansi zatsala zochepa kwambiri. Mibadwo iwiri ya anthu akumudzi inadikira waya umene sunabwere, koma foni ya m'manja inawapeza m'zaka zosakwana 20.

2. CHIFUKWA CHIYANI WAYA SUNAFIKE KUMUDZI?

Chifukwa choyamba ndi mtengo wake. Kuti nyumba ikhale ndi lamya yapansi pamafunika waya wakewake wochokera ku ofesi ya lamya mpaka pakhomo, pamodzi ndi mitengo yoimika kapena ngalande yokumba. M'tauni nyumba zimakhala zothithikana, kotero waya waufupi umathandiza anthu ambiri. Kwa Kunthembwe kapena kwa Chigaru nyumba n'zotalikirana, ndipo kampani ikadaononga ndalama zambiri kuti ifikire makomo ochepa.

Chifukwa chachiwiri ndi umbava. Waya wa lamya unali wa kopa, ndipo akuba ankaudula kuti akaugulitse. Waya ukadulidwa malo amodzi, onse a kutsogolo kwake amakhala opanda lamya kufikira utakonzedwa. Vutoli linasautsa kwambiri kampani ya MTL, kufikira nayonso inayamba kugulitsa lamya zopanda waya.

Chifukwa chachitatu ndi kalipiridwe. Lamya yapansi inkabwera ndi bilu mwezi ndi mwezi. Mlimi sapeza ndalama mwezi uliwonse; amazipeza akagulitsa nandolo, tomato, mbuzi kapena akagwira ganyu. Foni ya m'manja inatheka kumudzi chifukwa munthu amagula mayunitsi pang'onopang'ono, molingana ndi m'thumba mwake.

Tisaganize kuti waya unatheratu. Kuli waya wina watsopano wotchedwa faiba, umene umanyamula mauthenga pogwiritsa ntchito kuwala. Popeza Malawi alibe nyanja yamchere, intaneti yathu yambiri imadzera pa faiba wodutsa m'maiko oyandikana nafe monga Tanzania ndi Mozambique, kukalumikizana ndi mawaya a pansi pa nyanja. Kuyambira mu 2017 boma linayala faiba wolumikiza maboma a m'dziko muno. Faiba ameneyu amafika ku maofesi, kumabanki ndi kunsanja zina. Kuchokera pansanja kufika m'dzanja lanu ndi pamene palibe waya.

3. MMENE FONI YOPANDA WAYA IMAGWIRIRA NTCHITO

Foni yanu ili ngati kawailesi kakang'ono kamene kamamva komanso kamayankhula. Mukaimba, mawu anu amauluka mumlengalenga kupita ku nsanja imene ili pafupi. Nsanjayo imawapatsira ku makina a kampani, ndipo makinawo amafunafuna nsanja imene ili pafupi ndi munthu amene mukumuimbirayo. Tikamvetsa zimenezi, timvetsanso mavuto anayi amene timadandaula nawo.

Choyamba ndi mtunda. Mukatalikira nsanja, netiweki imafooka, monga mawu a ng'oma amene amamveka pang'ono mukapita kutali.

Chachiwiri ndi mapiri ndi zigwa. Dera lathu limatsetsereka kuchoka ku phiri la Michiru kupita ku Shire, ndipo lili ndi zitunda ndi makwawa. Mudzi wa m'chigwa ukhoza kukhala pafupi ndi nsanja koma osagwira netiweki chifukwa chitunda chatchinga. N'chifukwa chake mumaona anthu atakwera pachulu kapena ataima pansi pa mtengo umodzi wodziwika poimba foni. Makoma ochindikala ndi denga la malata nazonso zimafooketsa netiweki m'nyumba.

Chachitatu ndi kuchuluka kwa anthu. Waya unali ngati chitsime cha pakhomo; nsanja ili ngati mjigo wa mudzi wonse. Anthu akachuluka pa mjigo, aliyense amadikira. Tsiku la msika pa Lunzu kapena pa Lirangwe, ndiponso madzulo pamene ambiri atsegula intaneti, liwiro limatsika ngakhale timizere ta netiweki titadzaza.

Chachinayi ndi magetsi. Nsanja imafuna magetsi usana ndi usiku. A ESCOM akazima, imadalira mabatire, sola kapena jenereta ya dizilo. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo dziko linakhala m'mavuto a magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi akasowa, dizilo n'kusowanso, kapena akuba akaba mabatire a pansanja, mudzi wonse umaduka mauthenga.

Pali kusiyananso pakati pa mitundu ya netiweki. Ya 2G imakwanira kuimba, kutumiza mauthenga olemba ndi kutumiza ndalama, ngakhale pa kafoni ka mabatani. Ya 3G ndi ya 4G ndiyo imanyamula intaneti, ndipo imafuna foni yamakono. Dera likhoza kukhala ndi netiweki yoimbira koma lopanda yokwanira kutsegulira intaneti.

Ena amaopa kuti nsanja zimabweretsa matenda. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linafufuza nkhaniyi, ndipo silinapeze umboni wokhutiritsa woti mphamvu yochepa yochokera ku nsanja imadwalitsa anthu okhala pafupi.

4. PARISHI, SUKULU KAPENA BANJA LIKAFUNA INTANETI

Masiku ano ofesi ya parishi, sukulu kapena gulu la alimi likhoza kukhala ndi intaneti popanda waya. Pali kabokosi kotchedwa rauta, kamene mumaikamo simukhadi, ndipo kamagawira intaneti ku makompyuta ndi mafoni angapo nthawi imodzi. Koma safunsa anadya phula. Musanagule chitani izi:

(a) Bwerekani mafoni a makampani onse awiri ndipo muyesere pamalo penipeni pamene mudzaike rautayo. Musadalire zimene zalembedwa pa chikwangwani cha malonda.

(b) Yesani m'mawa, masana ndi madzulo, tsiku la msika ndiponso tsiku limene magetsi azima.

(c) Ikani rauta pamalo okwera, pafupi ndi zenera loyang'ana kumene kuli nsanja.

(d) Funsani za bandulo: ndi yaikulu bwanji, itha liti, ndipo ikatha chimachitika n'chiyani. Intaneti imayezedwa m'ma MB ndi ma GB, ndipo GB imodzi ndi pafupifupi ma MB 1,000. Uthenga wolemba umadya pang'ono kwambiri. Kanema amadya zambiri. Bandulo yotchedwa yopanda malire kawirikawiri imatsika liwiro mukafika pa mlingo wina wake.

(e) Gwirizanani za amene adzasunge rautayo, amene adzadziwe nambala yake yachinsinsi, ndi thumba limene ndalama ya bandulo idzachokere. Zilembedwe m'buku la komiti.

(f) Ngati muli kale ndi waya umene ukugwira bwino ntchito, musafulumire kuudula. Yesani njira yatsopanoyo kwa mwezi wathunthu.

Kuyambira mu 2023 kampani ya Starlink inayamba kupereka intaneti yochokera ku makina oyenda mumlengalenga, yosadalira nsanja. Imatha kugwira ngakhale kumalo akutali, koma zipangizo zake ndi malipiro ake a pamwezi n'zoposa zimene banja la kumudzi lingakwanitse, ndipo imafuna magetsi odalirika.

5. NDANI AKUTSALIRA M'MBUYO?

Kalembera wa anthu wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa 100 alionse ankakhala kumudzi. Nyumba zimene zinali ndi foni ya m'manja zinali zongopitirira theka pang'ono. Zimene zinkaunikira ndi magetsi zinali pafupifupi 11 mwa 100 zilizonse, ndipo zambiri mwa izo zinali m'tauni. Chiwerengero cha mafoni chakwera kuchokera nthawi imeneyo, koma otsalira akadali ambiri. Ndani amenewa?

Oyamba ndi osauka. Foni, batire, kutchajitsa pa msika ndi mayunitsi zonse zimafuna ndalama. Zipangizo zimenezi zimachokera kunja, kotero ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu mu Meyi 2022 ndi mu Novembala 2023, mitengo yake inakwera. Pamwamba pa apo pali misonkho. M'chaka cha 2015 boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa mauthenga olemba ndi pa intaneti, kuonjezera pa msonkho wa VAT.

Achiwiri ndi amayi. M'mabanja ambiri foni ndi imodzi, ndipo imayenda m'thumba la bambo. Bambo akapita ku ganyu ku Chirimba kapena ku Limbe, mwana n'kudwala usiku, mayi amasowa poimbira wa kabaza woti awatengere ku chipatala cha Lirangwe kapena ku Mlambe.

Achitatu ndi okalamba, osadziwa kuwerenga ndi olumala. Agogo akalandira ndalama kuchokera kwa mdzukulu wa ku Joni, amapereka foni ndi nambala yachinsinsi kwa munthu wina kuti akawatapire. Si onse otumidwa amene amakhala okhulupirika.

Achinayi ndi midzi imene kulibe netiweki. Kampani ndi bizinesi, ndipo imaimika nsanja kumene ikuona phindu: m'mbali mwa msewu waukulu ndi pamisika. Midzi ya kutali ndi msewu imakhala yomalizira.

Kutsalira kumeneku si nkhani yaing'ono, chifukwa thandizo lambiri tsopano likudzera pa foni. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, ana okhala ndi intaneti anapitiriza kuphunzira pamene anzawo anakhala pakhomo. Pulogalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP itayamba chaka chomwecho, alimi m'madera ambiri ankachezera pamzere chifukwa makina owerengera ziphaso zaunzika ankalephera kugwira netiweki. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 600 m'chigawo chakummwera, ena mazanamazana n'kusowa. Pa nthawi ngati imeneyo, chenjezo lofika msanga ndi foni yoitanira thandizo zimapulumutsa moyo.

6. MALAMULO AKUTI CHIYANI?

Malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, amatipatsa maufulu amene akukhudza nkhaniyi. Gawo 30 likunena za ufulu wa chitukuko, ndipo likulamula boma kuganizira mwapadera amayi, ana ndi olumala. Gawo 35 likunena za ufulu wolankhula zakukhosi. Gawo 37 likunena za ufulu wodziwa nkhani zimene boma likusunga, ndipo lamulo lothandiza kukwaniritsa ufuluwu linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Gawo 21 limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo makalata ndi zokambirana za pa lamya.

M'chaka cha 2016 kunakhazikitsidwa lamulo latsopano la zamtokoma. Lamuloli linakhazikitsa thumba la ndalama lotchedwa Universal Service Fund, loyendetsedwa ndi MACRA. Cholinga cha thumbali ndi kufikitsa lamya, intaneti, wailesi ndi makalata kumadera kumene makampani safikako chifukwa saona phindu. Zimenezi zikutanthauza kuti mudzi wopanda netiweki ukapempha kuganiziridwa sukupempha chifundo. Ukukumbutsa boma za lamulo lake lomwe.

Wogula alinso ndi ufulu wodandaula. Mayunitsi anu akadulidwa mosadziwika bwino, kapena mukalembetsedwa pa zinthu zimene simunapemphe, yambani mwadandaula ku kampani, ndipo mulembe tsiku ndi zimene akuyankhani. Mukapanda kuthandizidwa, tengerani dandaulo lanu ku MACRA. Mawu a anthu ambiri amamveka. Mu 2020 anthu atadandaula kwambiri za kudula kwa intaneti, makampani anatsitsako mitengo ina.

Ufulu umayenda ndi udindo. Kuyambira mu 2018 simukhadi iliyonse iyenera kulembetsedwa ndi chiphaso chaunzika. Musalole kuti munthu wina alembetse simukhadi yake pa chiphaso chanu, chifukwa akapalamula nayo mlandu, apolisi adzayamba kufunsa inu. Lamulo lina la mu 2016 limaletsa kuzunza, kuopseza kapena kuchititsa anthu manyazi kudzera pa foni ndi pa intaneti.

7. MPINGO UKUTIPHUNZITSA CHIYANI?

Eklezia saona zipangizo zofalitsira mauthenga ngati mdani. Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake chotchedwa Inter Mirifica cha mu 1963, unaphunzitsa kuti zipangizozi n'zothandiza mtundu wa anthu zikagwiritsidwa ntchito moyenera, ndipo zimaononga zikagwiritsidwa ntchito molakwika.

Ifenso m'Malawi tili ndi umboni wake. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya Aepiskopi athu inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika. Boma la nthawi imeneyo linailetsa, koma uthenga wake unali utafika kale m'makutu mwa anthu, ndipo unapitiriza kuyenda kudzera m'makina ochulukitsa mapepala ndi a fakisi. Chaka chotsatira, pa 14 Juni 1993, Amalawi anasankha ulamuliro wa zipani zambiri. Anthu akamva zoona, amatha kusankha bwino.

Mpingo umatiphunzitsanso mfundo zitatu. Yoyamba ndi ulemu wa munthu aliyense, wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Yachiwiri ndi ubwino wokomera onse. Yachitatu ndi kuika osauka patsogolo. Kotero poyeza chitukuko cha lamya sitiwerenga nsanja zokha. Timafunsa ngati mayi wamasiye wa kumapeto kwa mudzi angathe kuitana thandizo pamene walifuna.

8. ZOYENERA KUSAMALA NAZO

Walira mvula walira matope. Foni yabwera ndi mavuto ake.

Akuba a pa foni. Amaimba n'kunena kuti mwapambana mphoto, kuti dzina lanu lalowa pa mndandanda wa thandizo, kuti akutumizirani ndalama molakwitsa, kapena kuti mwana wanu wachita ngozi. Cholinga chawo n'chimodzi: mutumize ndalama kapena muulule nambala yachinsinsi. Wogwira ntchito weniweni wa kampani kapena wa banki sapempha nambala yachinsinsi. Dulani foni, dekhani, ndipo funsani munthu wina musanatumize kalikonse.

Mphekesera. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo ndi kuno ku Blantyre. Bodza limene kale linkayenda wapansi lero limafika m'midzi khumi pa mphindi imodzi. Musanatumizire anzanu uthenga, dzifunseni kuti wachokera kwa yani, kodi ndi woona, ndipo uthandiza kapena uvulaza. Lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu limagwiranso ntchito pa WhatsApp ndi pa Facebook.

Kusakaza chuma cha banja. Tiyerekeze kuti munthu akuononga K500 tsiku lililonse pa mayunitsi. Pa mwezi ndi K15,000, ndipo pa chaka ndi K182,500. Kuonjezera apo pali ngongole za mayunitsi ndi kubetcha pa foni, kumene kwasautsa achinyamata ndi abambo ambiri. Banja likambirane poyera za ndalama imene ikupita ku foni.

Ana. Foni imatha kuthandiza mwana pa maphunziro, komanso imatha kumuonetsa zolaula ndi kumulumikiza ndi anthu ofuna kumunyenga. Makolo adziwe zimene ana awo akuona. Nkhanza kwa ana zikhoza kunenedwa pa nambala yaulere ya 116.

9. TICHITEPO CHIYANI?

Mutu umodzi susenza denga. Nazi ntchito zimene mphakati ndi parishi zingagwire popanda kudikira thandizo lakunja:

(1) Jambulani mapu a dera lanu. Onetsani malo amene netiweki imagwira bwino, amene imavuta ndi amene kulibiretu, kampani iliyonse payokha. Lembani chiwerengero cha mabanja, sukulu, zipatala ndi misika imene ili m'malo ovutawo.

(2) Pitani ndi mapuwo kwa nyakwawa ndi ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kuti nkhaniyi ifike ku komiti ya dera (ADC) ndi ku Khonsolo ya boma la Blantyre. Lembani kalata yosainidwa ndi mafumu kupita ku MACRA ndi ku makampani, ndipo mupereke kope kwa khansala ndi kwa phungu wanu. Sungani kope lanu. Pakapita miyezi itatu popanda yankho, kumbutsani.

(3) Kampani ikafuna malo oimikapo nsanja, zokambirana zichitike poyera, pamaso pa eni malo ndi mafumu, ndipo mgwirizano ulembedwe.

(4) Tetezani nsanja ndi mawaya. Wakuba batire kapena dizilo wa pansanja wabera mudzi wonse. Wogula katundu wakubayo ndi mnzake pa mlandu.

(5) Achinyamata a m'parishi aphunzitse makolo ndi agogo kuwerenga uthenga, kuona ndalama zotsala ndi kusunga nambala yachinsinsi. Ola limodzi pakutha pa mapemphero a Lamulungu ndi lokwanira poyambira.

(6) Mphakati uliwonse udziwe makomo amene alibe foni, makamaka a okalamba ndi odwala, ndipo usankhe mnansi amene angawaimbire pa nthawi ya ngozi. Lembani nambala za wa zaumoyo, wa kabaza wodalirika, apolisi a m'dera ndi katekisiti, n'kuzipachika m'tchalitchi.

(7) Magulu a banki m'khonde aganizire zogula sola yotchajira mafoni, ndi kuthandiza amayi kukhala ndi foni zawozawo.

(8) Pa nthawi ya chisankho, funsani ofuna mipando zimene adzachite pa nkhani ya netiweki, magetsi akumudzi ndi misonkho ya pa foni. Lembani malonjezo awo kuti mudzawakumbutse.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA MPHAKATI

Werengani Luka 14:28-30 ndi Yakobo 3:1-12, kenaka kambiranani:

1. Kodi uthenga wa matenda kapena wa maliro unkayenda bwanji m'mudzi mwathu kale, ndipo ukuyenda bwanji lero? Tapindula chiyani, ndipo tataya chiyani?

2. Ndi makomo angati mu mphakati wathu amene alibe foni? Akakumana ndi vuto usiku amachita chiyani?

3. M'mabanja mwathu, ndani amasunga foni ndipo ndani amalamula ndalama zolowa pa foniyo? Kodi zimenezi n'zachilungamo?

4. Kodi pakati pathu alipo amene anaberedwapo kudzera pa foni? Tingachenjezane bwanji popanda kumuseka woberedwayo?

5. Pa ntchito zisanu ndi zitatu zimene zatchulidwa pamwambapa, tiyamba ndi iti mwezi uno? Atsogolera ndani, ndipo adzapereka lipoti tsiku liti?

Mlembi wa mphakati alembe zimene mwagwirizana ndipo azipereke ku komiti ya chitukuko ya parishi.